Kwanu n'kuti? Zimene ndinapeza pa gulu lophunzitsana kulemba ku Linga

Tinayamba kukumana mu Ogasiti, sukulu zitatsekera, m'kalasi imene tinabwereka pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Linga, pa boma la Nkhotakota. Mwera unali usanaleke, ndipo popeza mawindo a kalasiyo analibe magalasi, aliyense ankapsinja mapepala ake ndi mwala kuti asauluke. Tsiku loyamba tinalipo anthu 20, koma zitamveka kuti pa maphunzirowa sipakhala alawansi kapena chakudya chamasana, tsiku lachiwiri tinatsala 12. Amene anachokawo sindiwaweruza, chifukwa kwa munthu amene amadya za tsiku lomwelo, kukhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka n'kugoneka ana ndi njala. Otsalafe tinali anthu osiyana kwambiri: aphunzitsi awiri, mmodzi mwa iwo ine, namwino, atsikana atatu amene ankadikira zotsatira za mayeso a Fomu 4, mayi wina wogwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Dwangwa, mnyamata wa kudoko amene amagona panyanja, bambo wina wachikulire amene anapuma pa ntchito ya ukalaliki, ndi ena atatu. Amene ankatitsogolera anali mayi wobadwira konkuno, amene anakhala zaka zambiri ku Lilongwe akukonza zolemba za anthu ena zisanasindikizidwe, ndipo tonse tinkangowatchula kuti Amayi.

Ntchito yoyamba imene anatipatsa inkaoneka yophweka. Analemba pa bolodi funso lakuti "Ndine yani?" n'kutipatsa mphindi 15. Ine ndinamaliza msanga kuposa onse, pakuti funsoli ndakhala ndikuliyankha moyo wanga wonse pa mafomu. Ndinalemba dzina langa, chaka chobadwa, mudzi, mfumu yaikulu, boma, mpingo ndi ntchito, monga momwe ndinayankhira mu 2017 pamene anthu tinkalembetsa ziphaso za unzika, komanso mu 2018 pamene akalembera anafika pakhomo pathu n'kufunsa mtundu wathu, ine n'kuyankha mosazengereza kuti ndife Achewa. Amayi atawerenga pepala langa sanandidzudzule. Anangofunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi m'mudzi mwanumo muli anthu angati amene angalembe zomwezi atangosintha dzina ndi chaka?" Ndinavomera kuti alipo ambiri. "Ndiye kuti inuyo simunabwere pa pepalali," anatero, "mwangotumiza chiphaso chanu."

Kenaka anafufuta funsolo n'kutiuza kuti tilembe za manja a munthu amene anatilera, manja okha, osatchula khalidwe lake, osanena kuti anali wachikondi kapena wankhanza. Apa m'pamene cholembera changa chinayamba kulemera. Ndinaona manja a agogo anga, mayi awo a mayi anga, akuvuula chinangwa chimene chinali chitaviikidwa m'madzi masiku angapo, zala zitachita makwinya ndi kuyera ngati za munthu amene wachapa tsiku lonse. Ndinaona momwe ankachifinyira n'kuchiyanika pa thandala, ndiponso momwe ankagwirira mthiko ndi manja awiri povundula kondowole, chifukwa nsima ya chinangwa ndi yomata ndipo sifuna dzanja laulesi. Ndinakumbukira kuti chala chawo chaching'ono cha kumanzere chinali chopindika, ndi kuti akakhala chete ankachisisita ndi chala chachikulu cha dzanja linalo. Ndinalemba masamba awiri osapumira, ndipo nditabwerera kuti ndiwerenge, ndinapeza chiganizo chimene sindinakonzekere kulemba: "Manja amenewa sankaleka ntchito, kupatula tsiku limodzi lokha, pamene mdzukulu wawo anawafunsa kuti kwathu n'kuti." Ndinatseka kope mofulumira ngati munthu amene wapezedwa akusamba, ndipo tsiku limenelo sindinawerengere aliyense.

Tchuthi chitatha tinagwirizana zomakumanabe Loweruka kawiri pamwezi, ndipo gulu lathu linali ndi malamulo atatu amene Amayi sankalola kuti aphwanyidwe. Loyamba linali lakuti mlembi akamaliza kuwerenga nkhani yake azikhala duu mpaka onse atalankhula, osadziteteza kapena kufotokoza zimene ankatanthauza, chifukwa nkhani ikadzatuluka kunja mwini wake sadzaperekeza wowerenga aliyense. Lachiwiri linali lakuti tizikamba za mpangankhani, osati za mlembi, kotero kuti funso lakuti "kodi zimenezi zinakuchitikirani?" linali loletsedwa, ndipo zowerengedwa m'kalasimo zinkatsala momwemo. Lachitatu ndi limene linandivuta kwambiri ine monga mphunzitsi wa Chichewa, pakuti anatiletsa kumaliza nkhani ndi phunziro. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuuza ophunzira anga kuti akawerenga nkhani yaifupi apeze malo, nthawi, ampangankhani ndi phunziro, ndipo mayeso amafunsadi zimenezo. Zotsatira zake ndinaziona m'nkhani zoyamba za atsikana athu atatu aja, zimene zonse zinali za mtsikana wosamvera makolo amene anapita kutauni, n'kubwerako akudwala, n'kumalira kuti ndikanadziwa. Amayi anamvetsera modekha, kenaka anafunsa mmodzi wa iwo kuti mtsikana wa m'nkhaniyo anadya chiyani m'mawa wa tsiku limene anachoka, ndalama ya basi anaitenga kuti, ndipo ndani amene anamuyang'ana komaliza asanakwere. Mlembi wamng'onoyo anasowa choyankha. Anali atalemba chenjezo lovala siketi, munthu mulibe.

Njira yowerengerana ndi kudzudzulana chotereyi si yachilendo m'dziko muno, ngakhale kuti kuno kunyanja inatifika mochedwa. Mu 1970, ku Chancellor College, koleji isanasamuke ku Blantyre kupita ku Zomba, ophunzira ndi aphunzitsi ena anayambitsa gulu la alembi limene linkakumana kawirikawiri kuwerengerana ndakatulo ndi nkhani, ndipo mmodzi mwa oliyambitsa anali Jack Mapanje. Inali nthawi ya chipani chimodzi, lamulo la 1968 lounika mabuku ndi zisudzo lili pa ntchito, choncho alembi aja anaphunzira kulankhula m'zining'a ndi m'mafanizo otengedwa ku nthano za makolo, kuti womva amve koma wofuna kumanga asowe pogwira. Ngakhale zinali choncho, Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku ndende ya Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka 1991. Ufulu wa zipani zambiri utabwera, bungwe la alembi la MAWU linakhazikitsidwa mu 1995, ndipo pambuyo pake kunabadwa magulu ena monga Story Club imene Shadreck Chikoti anayambitsa ku Lilongwe. Amayi atatifotokozera mbiri imeneyi, ndinaganiza kuti ife tili pabwino chifukwa palibe wapolisi amene angatigogodere usiku kaamba ka nkhani yaifupi. Papita nthawi ndazindikira kuti nafenso tili ndi otiunika athu, ndipo sakhala ku likulu. Amakhala kuseri kwa mpanda, amapemphera nafe, timakumana nawo pamaliro ndi pachigayo. M'tauni yaing'ono ngati ino, kumene munthu akangotchula mudzi wake ena amadziwa kale agogo ake, mlembi amafunika chophimba monga momwe anzathu a 1970 ankachifunira, ndipo nkhani yopeka ndiyo chophimba chimenecho.

Woyamba kutionetsa mphamvu ya chophimbachi anali mnyamata wa kudoko uja. Nkhani yake yoyamba anailemba m'Chingerezi, ndipo inali yodzaza ndi ziganizo zoloweza zimene tonse tinaphunzira polemba chimangirizo kusukulu, moti nyanja yake sinkasiyana ndi nyanja ya pa kalendala. Amayi anamupempha kuti atembenuze pepala n'kutiuza nkhaniyo pakamwa, monga angauzire anzake akusoka ukonde pamchenga. Anachita manyazi pang'ono, koma atayamba, kalasi yonse inati zii. Anatiuza za mnyamata amene ndi siginala, amene amatsogola yekha m'bwato ndi nyali usiku wopanda mwezi kuti usipa usonkhane pansi pa kuwala, kwinaku anzake akudikira chizindikiro chake kuti aponye ukonde waukulu wotchedwa chilimira. Anafotokoza momwe siginala amawerengera madzi, momwe amadziwira kuti mwera ukudza usanafike, ndi momwe amanyozedwera m'mawa akalakwitsa n'kubwerera opanda kanthu pamene mafuta a injini apsa kale. Mnyamata wa m'nkhaniyo anafika Fomu 2, ndipo kusukulu ankamunena kuti akununkha usipa, pamene kudoko amamunena kuti wasukulu, manja ake ndi a choko. Atamaliza, Amayi anamuuza kuti alembe zomwezo, mawu omwewo. Iye anadandaula kuti, "Amayi, mawu amenewa si a m'buku." Iwo anayankha kuti, "Achimwene, buku lake ndi limene mukulembalo."

Yankho limeneli linandikhudza pa ntchito yanga. Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, ndipo bungwe lokonza kalembedwe kake linakhazikitsidwa mu 1972. Malamulo amene tinalandira kuchokera kumeneko ndi othandiza, ndipo ndimawaphunzitsa ndi mtima wonse, chifukwa popanda iwo mwana wa ku Nsanje ndi wa ku Kasungu sakanawerenga buku limodzi. Koma Chichewa chathu cha kunyanja kuno chili ndi fungo lakelake. Muli mawu a Chitonga amene amabwera ndi abale athu a kumpoto kwa bomali, muli a Chiyao, mulinso a Chiswahili amene anatsalira m'kamwa mwa nkhalamba ndi m'mapemphero. Kangati ndadula mawu oterewa ndi inki yofiira m'makope a ana, n'kulemba pambali kuti "Chichewa cholakwika"? Lero ndimasiyanitsa. Wofotokoza nkhani angathe kutsata malamulo, koma pakamwa pa mpangankhani sipayenera kuikidwa chingwe, chifukwa munthu amadziwika ndi mawu amene amatchulira mphepo, nsomba ndi mayi ake. Ndipo kulemba za moyo wa munthu wamba m'chiyankhulo chathu sitinayambe ndife. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, anatulutsa buku la Nthondo mu 1933, lotsata moyo wa munthu mmodzi wa kumudzi kuchokera kubadwa kwake, ndipo linatanthauziridwa m'Chingerezi chaka chotsatira. Ngati iye anaona kuti Mchewa wa m'mudzi ndi wokwanira kudzaza buku, siginala wa kudoko akwaniranso.

Nthawi yonseyi chiganizo chija chinali chikundidikira m'kope. Kuti owerenga a kutali amvetse kulemera kwake, ndiyenera kunena pang'ono za mbiri ya malo ano. M'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdullah, wamalonda wochokera ku gombe la kum'mawa kwa Africa, anakhazikika pano n'kuyamba ufumu wa a Jumbe. Linga linasanduka doko lalikulu la malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Anthu ogwidwa m'midzi ya kumtunda ankasonkhanitsidwa pano, kenaka ankawolotsedwa nyanja pa zombo zamatanga, n'kuyamba ulendo wapansi wopita ku doko la Kilwa, kugombe la kum'mawa kuja. David Livingstone anafika kuno m'zaka za m'ma 1860, ndipo mkuyu umene anthu amati anakumanirapo ndi Jumbe ulipobe pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Ulamuliro wa a Jumbe unathetsedwa ndi Angerezi m'zaka za m'ma 1890, nthawi yomwe amishoni a Anglican ankamanga tchalitchi cha All Saints, mmene muli manda a Bishopu Chauncy Maples amene anamira panyanja mu 1895. Zimenezi zili m'mabuku, ndipo alendo amajambulitsa pansi pa mkuyu uja. Chimene sichikambidwa ndi chakuti si onse ogwidwa amene anawoloka. Ena anatsala kuno, kulima minda ya mpunga, kutunga madzi, kukwatiwa m'makomo a amene anawagula, ndipo zidzukulu zawo zikukhala khomo ndi khomo ndi zidzukulu za ogulawo komanso za mafumu amene ankagulitsa. Tonse timadya mpunga umodzi umene boma lino limatchuka nawo, ndipo tonse timadziwa, koma sititchula.

Ndinali ndi zaka 12 pamene ndinamva mawuwo koyamba. Tinali pa mjigo m'mawa, ine ndi mayi anga, ndipo panabuka mkangano wa ndowa, wakuti ndani anafika poyamba. Mayi wina wa m'mudzi momwemo anaponya nkhata yake pansi n'kuloza mayi anga chala, nati, "Musatilamule pano inu, mbewu ya akapolo. Agogo anu anabwera ndi goli m'khosi." Mjigo unaleka kulira. Palibe amene anaseka, palibenso amene anamudzudzula, ndipo mayi anga anangonyamula ndowa yosadzadza n'kutsogola. Titafika kunyumba tinapeza agogo pabwalo akupeta mpunga. Ine, posadziwa kukula kwa chimene ndinkanyamula, ndinathamangira kwa iwo n'kufunsa kuti, "Agogo, kodi kwathu n'kuti?" Mmene ndinkakumbukira ine, lichero linaima m'malere, mankhusu n'kugwera pamiyendo pawo. Kenaka anati, "Kwanu ndi pamene tinakwirira mchombo wako. Pita ukasonkheze moto." Nkhaniyo sinakambidwenso m'nyumba mwathu mpaka agogo kumwalira.

Zimenezi sindikanatha kuzilemba ndi mawu akuti "ine". Ndinayesa kawiri, ndipo ulendo uliwonse ndinkangofika pa mjigo dzanja n'kuuma. Amayi anandilangiza kuti ndimupatse mtsikanayo dzina lina, ndimusamutsire m'mudzi wina, ndimupatse mlongo amene ine ndilibe, ndipo ndilembe kuti "iye". Kusintha kwakung'onoku kunatsegula chitseko. Pokhala kuti si ine, ndinamulola kumva zimene ine ndinkakana kuti ndinamva. Ndinamulola kudana ndi mayi ake chifukwa chosabwezera, ndinamulola kuyang'ana khosi la agogo ake usiku akugona kuti aone ngati pali chipsera cha goli, ngakhale kuti amene anabwera ndi goliyo anali agogo awo a agogowo. Apa ndinamvetsa chimene nkhani yopeka ya masiku ano imasiyana ndi nthano za "padangokhala" zimene tinakulira nazo. M'nthano kalulu amakhala kalulu kuyambira pachiyambi mpaka mbatata itapserera, ndipo omvera amadziwa mbali imene ayenera kuima. M'nkhani imene tinkaphunzira kulemba, munthu amaloledwa kukonda ndi kudana nthawi imodzi, ndipo mlembi sakakamizidwa kumugamulira mlandu.

Ndinaiwerenga pagulu Loweruka lina mu Novembala, kutentha kuli koopsa, mvula isanayambe. Nditamaliza, atsikana aja anayamikira manja a agogo, namwino anafunsa ngati mlongoyo akufunikadi m'nkhanimo, ndipo pomaliza analankhula bambo wachikulire uja. Tonse tinkadziwa, chifukwa ankanena okha monyadira, kuti makolo awo anabwera ndi a Jumbe kuchokera kugombe. Anavula magalasi awo nati, "Mtsikanayu ndamuona. Agogo ake ndawaona mpaka chala chopindika. Koma mayi wotukwanayo sindinamuone. Alibe nkhope, alibe mwana kumsana, alibe kumene akuchokera m'mawa umenewo. Mlembi wamubweretsa kuti adzalavule mawuwo n'kuchoka. Munthu satukwana chotero popanda chimene chikumudya." Magazi anga anawira. Ndinkafuna kuwafunsa ngati iwo, mwa anthu onse, ali ndi pakamwa pondipempha kuti ndimvere chisoni wotinyozayo. Koma lamulo linali lakuti mlembi akhale duu, ndipo ndinakhaladi duu, ndikufinya cholembera pansi pa desiki. Lero ndimathokoza lamulo limenelo kuposa ena onse, chifukwa ndikanalankhula tsiku limenelo, gulu likanasweka ndipo nkhani yanga ikanatsala yopunduka.

Kwa masabata awiri ndinakana kugwira kope, kenaka ndinagonja, popeza pansi pa mtima ndinkadziwa kuti pa luso la kulemba bambowo ananena zoona. Ndinayamba ndi m'mawa wa mayi uja. Ndinamupatsa mwana wodwala malungo amene sanagone usiku wonse, ndi mwamuna amene anali atangoluza mlandu wa malire a munda wa mpunga kwa amfumu, woluzitsa wake ali m'bale wa mayi wa mtsikana uja. Apa mawu akuti kapolo anasiya kukhala chitukwano wamba, n'kuoneka ntchito yake yeniyeni. Pakati pathu malo ndi ufumu zimayenda ndi mbumba, ndipo munthu akauzidwa kuti alibe kwawo, wauzidwanso kuti alibe munda, alibe mawu pabwalo. Mayiyo ankamenyera dimba lake ndi chida chokhacho chimene anali nacho. Izi zinali zopeka zanga, ndipo zinagwira. Koma pamene ndinkalemba maganizo ake, ndinadabwa ndi mmene ankatulukira mosavuta. Ndinkadziwa bwino lomwe kunyansidwa kwake, ndinkadziwa kumene kumakhala m'thupi. Usiku wina ndinaika cholembera pansi n'kuvomereza chifukwa chake. Bambo anga anali a ku Likoma, a Anglican obatizidwira m'tchalitchi chachikulu cha St Peter's, ndipo kuyambira kusekondale mpaka kukoleji, aliyense akandifunsa pocheza kuti kwanu n'kuti, ndinkayankha kuti ku Likoma, ngakhale kuti mwambo wathu umati mwana ndi wa kuchikazi, ndipo pachilumbapo ndinapitako kawiri kokha. Akuluakulu amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, koma ine ndinauona mwendowo ndili ndi zaka 12, ndipo ndinakhala zaka zoposa 30 ndikuubisa. Mawu a pa mjigo aja ndinawakhulupirira kuposa amene anawanena.

Nditawerenganso nkhaniyo pagulu, bambo aja anangoti, "Tsopano ndamuona." Potuluka anayenda nane mpaka pamsewu, ndipo ali chiyang'anire kutsogolo anandiuza kuti kunyumba kwawo kuli bokosi lakale lamatabwa, lokhomedwa misomali yamkuwa, limene linachokera kugombe ndi makolo awo. Ana ndi zidzukulu amalinyadira, koma iwo sanafunsepo kuti linagulidwa ndi chiyani. Anati akufuna kulemba za bokosilo. Mpaka lero amabwera Loweruka lililonse la gulu, amawerenga nkhani zina zosangalatsa za masiku awo a ukalaliki, koma ya bokosi sanaibweretse, ndipo palibe amene amawakumbutsa.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti magulu oterewa ndi mankhwala a chilichonse. Tsiku lina mayi wa ku Dwangwa uja anawerenga nkhani imene inamugwetsa misozi mpaka kulephera kupuma bwino, ndipo Amayi anavomera poyera kuti iwo amadziwa kukonza ziganizo, osati kuchiza mabala, n'kupempha namwino kuti atuluke naye panja. Pali nkhani zimene zinabadwira m'kalasimo zimene siziyenera kutuluka, chifukwa eni ake adzakhalabe m'nyumba zomwezo mawa. Yanganso sinali yanga ndekha. Ndisanaionetse kwa anthu akunja ndinapita nayo kwa amalume anga, amene ndi mwinimbumba wathu, ndipo ndinawawerengera tili pakhonde. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Amayi, mwasintha maina, koma khoswe wa padenga adaulula wa padzala. Ana aakazi a mbumba ino sanakwatiwe onse, ndipo minda ija anthu akuiyang'anabe." Sindinawayankhe kuti ndi zopeka chabe, popeza tonse awiri tinkadziwa kuti bodza la m'nkhaniyo ndi chovala chokha. Ndinaibwezera m'chikwama. Patapita miyezi inayi ananditumizira uthenga kuti ndipite, ndipo anandiuza kuti aganiza, kuti iwo akalamba ndipo atopa kunyamula chinthu chimene sanalakwe. Anandilola ndi mfundo ziwiri, kuti ndisatchule mudzi kapena dzina la munthu, ndiponso kuti ndilembe kuti mayi awo ankalima mpunga wodyetsa makomo atatu ndipo sanapemphepo mchere kwa munthu. Mfundo zonse ziwiri ndazisunga, m'nkhaniyo ndi muno momwe.

Womaliza kumva anali mayi anga, ndipo ndi amene ndinkawaopa kwambiri. Maso awo afooka, choncho ndinawawerengera madzulo ena tili kuseri kwa nyumba, iwo akusankha nyemba pa lichero. Pa ndime ya mjigo sanadzutse mutu. Pa ndime ya mayi wa mwana wodwala anangoti, "Analidi ndi mavuto mayi uja," ngakhale kuti zonsezo ndinazipeka ndekha. Koma nditafika pabwalo, pamene lichero la agogo liima m'malere, anandidula. "Apo walakwitsa," anatero. "Agogo ako sanaime. Anapeta mpaka mpunga wonse kutha, n'kuuthira m'thumba, n'kumanga. Amene anaima ndinali ine. Ndinaima ndi ndowa pamutu, madzi akundichuchira kumsana, osatha kuitula." Ndinawauza kuti ndakhala ndikuliona lichero limenelo zaka zonsezi. Anayankha kuti mwana amaika mantha ake pa munthu amene akumuyang'ana, ndipo kuti ndikanatembenuka ndikanawaona iwo.

Kenaka, osafunsidwa, anapitiriza. Anati agogo awo a agogo anagwidwa ali kamtsikana, mano akutsogolo atangoguluka kumene, kumadzulo kutali kuseri kwa mapiri, kudera kumene anthu ankadya nsima ya mawere, ndipo mpaka kukalamba kwawo kondowole ankadya mokakamizika. Chaka chilichonse ankadzala kachigawo ka mawere kumapeto kwa munda, osati ogulitsa kapena ofululira, ongoti awaone akamacha, ndipo mwambowo unapitirira mpaka kwa agogo anga. Ndinakumbukira kachigawo kameneko. Ndinkatumidwa kukaingitsako mbalame ndili mwana, ndikudandaula kuti n'chifukwa chiyani tikuvutikira mbewu yosadzaza ngakhale lichero limodzi.

Loweruka lotsatira ndinapita kugulu ndi nkhani yolembedwanso kachisanu. M'menemo lichero silikuimanso. Agogo akupeta, mankhusu akuuluka, mtsikana wafunsa funso lake, ndipo kumbuyo kwake, kumene iye sakuyang'ana, mayi ake aima ndi ndowa pamutu. Mnyamata wa kudoko ananena kuti ndime ya mawere yatalika kwambiri ndipo ikuchedwetsa nkhani, pamene namwino anati ndi pamene pagona nkhani yonse. Anakangana kwa mphindi zingapo, ine ndili duu monga mwa lamulo, ndikulemba zonena za onse awiri kumbuyo kwa kope.